Mbiri ya Maple Leaf Gardens, Chinyumba cha Ayezi cha Mumzinda wa Toronto

Pamphambano ya misewu ya Carlton ndi Church mumzinda wa Toronto, m'dziko la Canada, pali chinyumba cha njerwa zachikasu chomwe chidzakwanitse zaka 100 m'chaka cha 2031. Dzina lake ndi Maple Leaf Gardens, koma eni mzinda amangoti Gardens. Kwa zaka zoposa 67 kumeneku kunali kwawo kwa timu ya Toronto Maple Leafs, imodzi mwa matimu akale kwambiri a hockey ya pa ayezi, ndipo m'nyumba yomweyi munaimba oimba otchuka, munamenyedwa nkhonya, munachitika misonkhano ya ndale ndi ya mapemphero. Lero wolowa pakhomo la pansi amapeza sitolo yaikulu ya zakudya, ndipo akakwera kumwamba amapeza ophunzira a payunivesite ali pamasewero. Alipo anthu amene kusintha kumeneku kumawapweteka mtima, ndipo amati malo olemekezeka anagulitsidwa kwa amalonda. Mbiri ya nyumbayi ikusonyeza zina. Kuyambira tsiku loyamba, Gardens inakhazikitsidwa kuti izisonkhanitsa anthu a mumzinda pansi pa denga limodzi ndi kuti izidzipezera yokha ndalama zoyendetsera ntchito. Nthawi zonse pamene yakumana ndi mavuto, chomwe chaipulumutsa ndi kulola anthu osiyanasiyana kuigwiritsa ntchito, ndipo mmene ilili lero ndi kupitiriza kwa khalidwe lomwelo.

Kuti timvetse chifukwa chomwe anaimangira, tiyambe ndi masewero ake. Ku Canada nyengo yozizira imaumitsa madzi a m'maiwe ndi m'mitsinje mpaka munthu kuyendapo, ndipo hockey inakulira pamalo otere. Timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi mmodzi pabwalo, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, ndipo amathamangitsa ndi ndodo zokhota kachimbale kolimba ka labala kotchedwa puck kuti kalowe m'golo. Masewero odalira kuzizira kwa kunja sangakhale bizinesi yodalirika, pakuti kukangofunda pang'ono bwalo limasungunuka. Makina oumitsa madzi m'nyumba ndiwo anachititsa kuti matimu azitha kulengeza tsiku la masewero ndi kugulitsa matikiti mopanda nkhawa. Toronto inali kale ndi nyumba yotere pamsewu wa Mutual, yomangidwa mu 1912, koma munkalowa anthu pafupifupi 7,500 okha. M'zaka za m'ma 1920 ligi ya National Hockey League, yomwe inayamba mu 1917, inafalikira ku United States, ndipo mizinda ya kumeneko inamanga zinyumba zikuluzikulu: New York mu 1925, Detroit mu 1927, Boston mu 1928, Chicago mu 1929. Conn Smythe, amene mu 1927 anagula timu ya Toronto St. Patricks pamodzi ndi anzake n'kuitcha Maple Leafs, anaona kuti timu yolandira ndalama za pakhomo kuchokera kwa anthu ochepa chonchi singathe kulipira osewera ofanana ndi a matimu amenewa. Panafunika nyumba yaikulu, apo ayi timuyo ikanafota.

Nthawi yomwe anasankha inali yowawitsa. Chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitagwa kuyambira mu 1929, mafakitale anali kutsekedwa ndipo anthu ambirimbiri a ku Toronto anali pa ulova. Smythe anakhazikitsa kampani ya Maple Leaf Gardens Limited kuti ikhale mwini wa timu ndi nyumba yomwe, ndipo mothandizidwa ndi J.P. Bickell, mkulu wa bizinesi ya migodi, anayamba kugulitsa masheya ndi kufunafuna ngongole. Malo anawagula kwa kampani ya masitolo ya Eaton's pamtengo wa madola 350,000. Mapulani anajambula ndi akatswiri a kampani ya Ross and Macdonald ya ku Montreal, ndipo ntchito yomanga inapita kwa kontilakitala wotchedwa Thomson Brothers, amene anatchula mtengo wotsika kuposa onse. Ngakhale zinali choncho, ndalama zinaperewera. Apa ndi pamene Frank Selke, wothandizira Smythe amenenso anali mtsogoleri m'bungwe la amisiri a magetsi, anapita kukalankhula ndi mabungwe a anthu apantchito, ndipo anagwirizana kuti amisiri alandire gawo limodzi mwa magawo asanu a malipiro awo ngati masheya a kampaniyo. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo munthu amene ana ake akudikira chakudya kunyumba sasinthanitsa ndalama ndi pepala mwachisawawa. Amisiriwo anavomera chifukwa popanda mgwirizanowo ntchito yonse ikanaima. Choncho omanga njerwa, okhoma zitsulo ndi oika mawaya anakhala ena mwa eni ake oyamba a nyumbayi, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira pokambirana kuti Gardens ndi ya yani.

Ntchito inayamba pa 1 Juni 1931 ndipo inatha m'miyezi isanu ndi masabata awiri, anthu oposa 1,000 akugwira usana ndi usiku. Zonse pamodzi zinadya madola pafupifupi 1.5 miliyoni. Luso lalikulu la nyumbayi lili padenga. Akatswiri anapanga denga lokwera ngati chiphiri, lomwe zitsulo zake zimatsamira m'makona anayi a nyumba, kotero kuti mkati munalibe nsanamira yotchinga maso. Wokhala pampando wotsika mtengo, kumwamba kwenikweni, ankaona bwalo lonse monga mmene ankalionera wokhala kutsogolo. Pansi pa bwalo anayala mapaipi ambirimbiri motsatana, ndipo makina ankapopera m'mapaipimo madzi amchere ozizira kwambiri, omwe sauma msanga ngati madzi wamba. Simenti ikazizira, antchito ankawaza madzi pang'onopang'ono, kudikira kuti aume, n'kuwazanso, kenako kupaka utoto woyera ndi kujambula mizere, n'kuthiranso madzi pamwamba mpaka ayezi atakhuthala masentimita awiri kapena atatu. Mipando inagawidwa m'mitundu, ndipo mtundu wa mpando unkasonyeza mtengo wa tikiti: yofiira pafupi ndi bwalo, kenako yabuluu, yobiriwira, ndi yotuwa kumapeto kwenikweni. Kwa mibadwo ingapo, munthu wa ku Toronto akanena kuti anakhala pamipando yotuwa, aliyense ankadziwa kuti anaonera masewero ali pafupi ndi denga.

Zitseko zinatsegulidwa pa 12 Novembala 1931, pamaso pa anthu oposa 13,000, ndipo Maple Leafs inagonja 2-1 kwa Chicago Black Hawks. Kugonjako sikunakhalitse m'mitima, chifukwa pakutha pa nyengo yomweyo, mu 1932, timuyo inatenga chikho cha Stanley Cup. Koma chomwe chinatchukitsa Gardens kunja kwa Toronto ndi wailesi. Muulutsi Foster Hewitt anasankha kuti azikhala m'kachipinda kolendewera kudenga, mamita oposa 16 pamwamba pa ayezi, komwe ankaona mmene osewera onse akuyendera. Kachipindako kanatchedwa gondola, ndipo pokafikako munthu ankayenda pakamlatho kopapatiza ka zitsulo. Kuchokera mmenemo, Loweruka lililonse madzulo, mawu a Hewitt ankafika m'makhitchini a alimi a tirigu, m'midzi ya asodzi ndi m'misasa ya kumigodi. Monga mmene anthu amaunjikirana pawailesi imodzi pagolosale timu yadziko ikamasewera kutali, mabanja a ku Canada ankazinga wailesi kumvera zochitika m'nyumba yomwe ambiri mwa iwo sanaiponde n'kamodzi komwe. Mu 1952 masewerowa anayamba kuonetsedwanso pawailesi ya kanema. Apa ndi pamene nyumba ya kampani imodzi, mumzinda umodzi, inasandukira chinthu chomwe dziko lonse linkachiona ngati chake.

Amene amati Gardens inali ya hockey yokha amaiwala masamu omwe oyendetsa nyumbayi ankawerengera. M'nyengo ya 1931 mpaka 1932 timu iliyonse ya mu ligi inali ndi masewero 48, ndipo theka lokha, 24, ndiwo anali apakhomo. Ngongole, magetsi, makina oumitsa madzi ndi malipiro a antchito zinkafuna ndalama chaka chonse, kotero masiku otsalawo anayenera kudzazidwa. Patangotha sabata imodzi chitsegulireni, munachitika kale masewero ogwetsana, ndipo masewerowa anakhala mzati wa chuma cha nyumbayi kwa zaka zambiri. Mu 1932 Winston Churchill analankhula mmenemo. Mu Disembala 1934 anthu pafupifupi 17,000 anadzazamo kudzalandira Tim Buck, mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu cha ku Canada, atangotuluka kundende. Mu Febuluwale chaka chomwecho osewera odziwika a matimu ena onse anasonkhana kudzasewera ndi Maple Leafs kuti apeze ndalama zothandizira Ace Bailey, wosewera amene anavulala mutu mpaka kusiya masewero. Pa 1 Novembala 1946 Toronto Huskies inakumana ndi New York Knickerbockers pamasewero omwe ligi ya basketball ya NBA imawawerenga kuti ndi oyamba m'mbiri yake, ndipo New York inapambana 68-66. Zonsezi zinkatheka chifukwa cha gulu la antchito amene usiku ankayala matabwa pamwamba pa ayezi, kuchotsa mbali ina ya mpanda wa bwalo, kukhoma nsanja ndi kundandalika mipando, kenako n'kupasula zonse kuti mawa lake osewera apeze bwalo lili bwino. Owonerera nkhonya kapena oimba ankapondera ayezi osamuona, kungomva kuzizira kukukwera m'mapazi.

Izi sizikuchepetsa malo a hockey m'mbiri ya nyumbayi. Maple Leafs inatenga Stanley Cup maulendo 11 ili ku Gardens, kuyambira mu 1932 mpaka mu 1967. Mu 1942 inagonja masewero atatu oyamba a ndime yomaliza kwa Detroit, kenako inapambana anayi otsatizana, omaliza pamaso pa anthu oposa 16,000. Mu 1951 chikho chinabwera ndi chigoli cha Bill Barilko m'nthawi yowonjezera, ndipo patangopita miyezi inayi mnyamatayo anafa pangozi ya ndege kumpoto kwa Ontario. Timuyo inadzatenganso chikho mu 1962, chaka chomwe zotsalira za ndegeyo zinapezeka. Pa 4 Seputembala 1972, pampikisano wa masewero asanu ndi atatu pakati pa Canada ndi Soviet Union, Canada inapambana 4-1 ku Gardens patangopita masiku awiri itachititsidwa manyazi ku Montreal. Mu Febuluwale 1976 Darryl Sittler anagoletsa zigoli zisanu ndi chimodzi ndi kuthandizira zina zinayi m'masewero amodzi, ndipo palibe amene wafikapo pamenepo mu ligi ya National Hockey League. Kuwonjezera apo, nyumbayi inalinso kwawo kwa timu ya achinyamata ya Toronto Marlboros, yomwe inkasula osewera a timu yaikulu.

Mbali ya nyimbo inakula kwambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. M'zaka za m'ma 1950 gulu la Metropolitan Opera la ku New York linkabwera kudzaimba, chifukwa mumzindamo munalibe holo ina yokwana khamu lomwe linkafuna kulimvera. Pa 2 Epulo 1957 Elvis Presley anaimba kawiri, ndipo Toronto ndi umodzi mwa mizinda itatu yokha ya kunja kwa United States komwe woimbayu anachititsako phwando la nyimbo. Gulu la The Beatles linafika mu 1964, 1965 ndi 1966. Bob Marley ndi The Wailers anaimbamo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene mzindawu unali utalandira anthu ambiri ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za ku Caribbean, ndipo The Who anatsekera mmenemo ulendo wawo wotsanzika wa mu 1982. Panalinso usiku wa 29 Malichi 1966, pamene Muhammad Ali anamenyana ndi George Chuvalo wa ku Toronto komweko kwa maraundi 15. Nkhonyazo zinabwera ku Canada chifukwa mizinda ingapo ya ku United States inakana kumulandira Ali kaamba ka maganizo ake pa nkhondo ya ku Vietnam. Smythe, yemwe anamenya nawo nkhondo ziwiri za dziko lonse, anatula pansi udindo wake mu bodi posagwirizana nazo. Nkhaniyi ikusonyeza kuti pofika nthawi imeneyo nyumbayo inali itakula kuposa maganizo a woiyambitsa, ndipo inkatsatira mzinda mmene unkasinthira.

Wina angatsutse kuti zonsezi zinali malonda basi, kuti Gardens sinali ya boma kapena ya khonsolo ya mzinda, ndipo kuitchula malo a anthu onse ndi kuikometsera. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Kampani ya Maple Leaf Gardens Limited inali ndi pulezidenti, bodi ya madailekitala ndi eni masheya, ndipo pansi pawo panali nthambi ya timu, ya matikiti, ya kubwereketsa nyumba, ya kusamalira ayezi ndi makina, ndi ya olandira alendo ndi ogulitsa zakudya. Mu 1961 Smythe anagulitsa masheya ake ambiri kwa mwana wake Stafford, Harold Ballard ndi John Bassett, ndipo pofika 1972 ulamuliro unali m'manja mwa Ballard mpaka imfa yake mu 1990. M'zaka zimenezi mipando inapanikizidwa kuti mulowe anthu pafupifupi 16,000, chithunzi chachikulu cha Mfumukazi ya dzikolo chinachotsedwa kuti papezeke malo a mipando ina, ndipo mu 1979 gondola ya Hewitt inagwetsedwa n'kutenthedwa kuti pamangidwe zipinda za owonerera olemera. Mu 1972 khoti linapeza Ballard wolakwa pamilandu yogwiritsa ntchito ndalama za kampani mwachinyengo, ndipo anakhala kundende. Komabe umwini wa pamapepala ndi umwini wa mumtima ndi zinthu ziwiri. Mkwiyo womwe anthu anausonyeza gondola itawonongedwa ndi umboni woti ankaona nyumbayo ngati yawo, ndipo anapitiriza kudzaza mipando m'zaka zomwe timu inkangogonja. Khonsolo ya mzinda inavomereza zomwezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 poika nyumbayi pansi pa lamulo la chigawo cha Ontario loteteza malo a mbiri, kutanthauza kuti mwini wake sangaisinthe mmene wafunira popanda chilolezo.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba, ndipo mbiri yoona ya bungweli singakulambalale. Mu 1997 bambo wina analimba mtima n'kuulula kuti ali mnyamata anachitidwa nkhanza zogonana ndi anthu ogwira ntchito ku Gardens. Atatero, ena ambiri anabwera poyera, ndipo zinadziwika kuti kwa zaka zambiri antchito ena ankanyengerera anyamata ndi matikiti aulere, ndodo za hockey ndi mwayi wokumana ndi osewera. Makhoti anapeza antchito angapo olakwa ndi kuwatumiza kundende, koma bambo amene anayamba kuulula uja anadzipha mu 1997 momwemo. Pali amene amafunsa ngati nyumba yotere ndi yoyenera ulemu. Yankho loyenera liyenera kuyamba ndi kuvomera kuti kutchuka kwa malowa ndiko kunakhala nyambo, ndi kuti bungwe lomwe linkadziwa kuwerenga tikiti iliyonse linalephera kuteteza ana olowa pazitseko zake. Kugwetsa makoma sikukanabwezera kalikonse kwa ozunzidwawo, ndipo kukanathandiza kuti nkhaniyo iiwalike msanga. Chomwe chikufunika ndi chakuti pofotokoza za zikho ndi oimba, izinso zizinenedwa, ndi kuti aliyense woyendetsa malo omwe ana amasonkhana aphunzirepo kuti dzina labwino la bungwe siliposa chitetezo cha mwana mmodzi.

Pofika zaka za m'ma 1990 nyumbayi inali itatsalira pa zofuna za ligi. Matimu anali atayamba kudalira ndalama za zipinda zapadera zobwereketsa kwa makampani, malo odyera akuluakulu ndi zikwangwani zotsatsa malonda, ndipo Gardens, yopanikizika pakati pa misewu inayi, inalibe kokulira. Mu 1998 eni ake a Maple Leafs anagula timu ya basketball ya Toronto Raptors pamodzi ndi chinyumba chatsopano chomwe inkamanga pafupi ndi siteshoni ya sitima, chomwe chinatsegulidwa ndi dzina loti Air Canada Centre ndipo lero chimatchedwa Scotiabank Arena. Masewero omaliza a ligi ku Gardens anachitika pa 13 Febuluwale 1999, ndipo Chicago, yomwe inapambana tsiku lotsegulira, inapambananso 6-2. Nkhalamba ziwiri zomwe zinasewera nawo mu 1931, Mush March wa Chicago ndi Red Horner wa Toronto, ndizo zinatsogolera mwambo woyambitsa masewerowo. Timu ya lacrosse ya Toronto Rock inagwiritsabe ntchito nyumbayi mpaka 2000, chaka chomwe mipando ndi katundu wina zinagulitsidwa pa okushoni. Kenako kunati zii. Eni ake sanafune kuigulitsa kwa aliyense amene akanaigwiritsa ntchito ngati bwalo lalikulu lopikisana ndi nyumba yawo yatsopano pamasewero ndi maphwando a nyimbo, kotero njira yoti ipitirire monga kale inatsekeka.

Zomwe zinachitikira zinyumba zinzake za hockey zimasonyeza kukula kwa ngozi yomwe inalipo. Madison Square Garden yakale ya ku New York inagwetsedwa mu 1968, Olympia ya ku Detroit m'zaka za m'ma 1980, Chicago Stadium mu 1995, ndipo Boston Garden mu 1998. Forum ya ku Montreal inatsala chilili, koma itatsekedwa mu 1996 inasandutsidwa malo a makanema ndi masitolo, opanda bwalo la ayezi. Ku Toronto, kampani ya masitolo a zakudya ya Loblaw inagula Gardens mu 2004, koma inapeza kuti kukonza chinyumba chonsecho chifukwa cha sitolo imodzi n'kokwera mtengo kwambiri, ndipo zaka zinapita zitseko zili zotseka, kupatula pamene ojambula mafilimu ndi mapulogalamu a pakanema ankabwereka. M'nyengo yomweyi boma la Canada linalengeza kuti nyumbayi ndi malo a mbiri ya dziko. Njira inapezeka mu 2009. Yunivesite ya Ryerson, yomwe ili pafupi ndipo inalibe bwalo lakelake la ayezi, inagwirizana ndi Loblaw kuti agawane nyumbayo. Ophunzira anavota kuti aliyense aziwonjezera madola 126 pachaka pa fizi yake, boma la Canada linapereka madola 20 miliyoni, ndipo Peter Gilgan, mwini kampani yomanga nyumba ya Mattamy Homes, anapereka madola 15 miliyoni. Monga mu 1931, panalibe thumba limodzi lokwanira, ndipo ena mwa osonkha anali anthu opeza mochepa.

Amisiri anachotsa zamkati zonse n'kusiya makoma anayi ndi denga, kenako anamanga nsanjika zatsopano mkati mwa chigobacho. Ali pantchitoyi mu 2011 anapeza kabokosi kamkuwa komwe kanabisidwa kuseri kwa mwala wa maziko mu 1931, muli nyuzipepala za tsiku loika mwalawo, mabuku a malamulo a hockey ndi kachidole ka njovu. Sitolo ya Loblaws inatsegulidwa pansi pa 30 Novembala 2011, ndipo pasimenti ya mumpata wina wa mashelefu anajambulapo kadontho kofiira kosonyeza pomwe panali pakati pa bwalo lakale. Mu 2012 yunivesite inatsegula gawo lake, Mattamy Athletic Centre. Pansanjika yachiwiri pali bwalo la basketball ndi volleyball komanso zipinda zolimbitsira thupi, ndipo pansanjika yachitatu, mamita pafupifupi 15 kuchokera pamsewu, pali bwalo la ayezi la muyezo wa ligi yaikulu, lokhala ndi mipando pafupifupi 2,600, pansi pa denga lomwe lija la mu 1931. Kunja, njerwa zinatsukidwa ndipo chikwangwani cha pakhomo la ku Carlton chinabwezeretsedwa ndi dzina lakale. Mu 2022 yunivesiteyo inasintha dzina kukhala Toronto Metropolitan University, ndipo matimu ake tsopano amatchedwa TMU Bold.

Kutsutsa kotsiriza ndi kwa amene amati chatsala ndi chigoba chokha, kuti mipando 16,000 kulibe, oimba akuluakulu sabweranso, ndipo kugulitsa tchizi ndi ndiwo zamasamba pomwe panagoletsedwa zigoli za mbiri n'kupeputsa malo. Zoonadi zambiri zinatayika, ndipo amene anakulira m'mipando yotuwa ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma tiyeze ndi njira zomwe zinalipo. Kuisunga monga inalili kunafuna timu yaikulu kapena oimba odzaza nyumba sabata ndi sabata, ndipo zimenezi zinali zitasamukira kwina. Kuisandutsa nyumba yosungiramo zakale kukanafuna ndalama za msonkho chaka ndi chaka kuti chinyumba chonsecho chizitenthetsedwa ndi kukonzedwa, chikhalirecho munthu sapita kawirikawiri kukaona zakale zomwezomwezo. Kuisiya yotseka kukanathera pa kugwetsedwa. Za malonda, Gardens sinakhalepo yopanda malonda: inamangidwa pamalo a kampani ya masitolo, kunja kwake kunali mashopu oyang'ana kumsewu kuyambira pachiyambi, ndipo mawu a Hewitt ankalipiridwa ndi otsatsa malonda. Chosiyana lero n'chakuti kale munthu wopanda tikiti ankathera pakhomo, pamene tsopano aliyense wokhala m'dera limenelo amalowamo tsiku lililonse, ndipo wophunzira wamba amatha kuvala nsapato zake n'kutsetsereka pansi pa denga lomwe kale linali la akatswiri okha.

Ntchito za nyumbayi masiku ano zili pa zolinga zitatu: kupatsa ophunzira malo a masewero ndi olimbitsira thupi, kutumikira anthu a m'dera, ndi kusunga mbiri ya malowa. Matimu a amuna ndi akazi a yunivesite amasewera mmenemo hockey, basketball ndi volleyball, magulu a kunja amabwereka bwalo, ndipo pamakhala nthawi zomwe anthu wamba amaloledwa kudzatsetsereka pa ayezi. Mu 2015 munachitikira mpikisano wa basketball wa Pan American Games ndi wa osewera a panjinga za olumala, ndipo akatswiri a masewero a curling akhala akubwera kudzapikisana. Pa 1 Januwale 2024 ligi yatsopano ya akazi, Professional Women's Hockey League, inachitira masewero ake oyambirira m'nyumbayi, New York n'kugonjetsa Toronto 4-0, ndipo matikiti anatha mwakuti nyengo yotsatira timu ya Toronto inasamukira kubwalo lalikulupo. Pamene chaka cha 2031 chikuyandikira, udindo wa yunivesite, wa sitolo ndi wa khonsolo ya mzinda ndi kusamalira makoma ndi denga, kufotokoza mbiri yonse popanda kubisa zowawa, ndi kusiya zitseko zotsegukira anthu ambiri monga kungathekere. Mwa zinyumba zisanu ndi chimodzi zomwe matimu akale a ligi ya National Hockey League ankasewereramo, Maple Leaf Gardens ndi yokhayo yomwe mukuseweredwabe hockey mpaka lero.